Shuga watsika atamwa madzi a makungwa: kodi mankhwalawa amayezedwa bwanji?

Wowerenga wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, wafunsa kuti: "Amalume anga ndi asing'anga. Amaphika makungwa a muwawani pamodzi ndi masamba a nimu n'kumapatsa anthu odwala shuga. Mayi anga, amene amamwa mapiritsi a kuchipatala, shuga wawo anali 14, koma atamwa mankhwala a amalumewo kwa sabata imodzi tinapeza 9. Ndagula kachipangizo koyezera shuga ndipo ndikufuna kupatsa mankhwalawa anthu khumi a m'mudzi mwathu, ndiziwayeza, kuti tikhale ndi umboni. Kodi akatswiri amayeza bwanji mankhwala oterewa, nanga ineyo ndingachitepo ziti?"

Bambo, anthu khumiwo musawapatse mankhwalawo, ndipo mayi asadumphe mapiritsi awo ngakhale tsiku limodzi. Poyeza mankhwala a zitsamba, munthu ndiye amabwera pamapeto penipeni. Koma ntchito yoyambirira, imene ofufuza ambiri amaithamangira n'kuiwononga, inu ndi amalume mungaigwire bwino kuposa mlendo wochokera ku yunivesite.

Tiyambe ndi 14 ndi 9 wanuyo. Manambalawa ali mu mmol/L, ndipo mukawachulukitsa ndi 18 mumapeza mg/dL imene zipangizo zina zimalemba. Kachipangizo kabwino kamaloledwa kuphonya ndi 15 pa 100 alionse, choncho 14 akhoza kukhala 12 kapena 16, ndipo 9 akhoza kukhala 8 kapena 10. Kusiyana kumene munapeza n'kokulirapo kuposa pamenepa, ndiye tivomereze kuti shuga anatsikadi. Nanga anamutsitsa ndani? Ngati 14 uja munayeza mayi atangodya nsima ya ufa woyera, 9 n'kuyeza m'mawa asanalawe kanthu, ndiye kuti mwayerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Ngati chala chinali chitagwira nzimbe kapena pichesi osasamba, nambala imakwera yokha. Komanso anthufe timathamangira kwa asing'anga tsiku limene matenda afika poipa, ndipo masiku otsatira nthawi zambiri amakhala abwinoko ngakhale munthu asanamwe kanthu. Mayi ataopsedwa ndi 14 uja mwina anachepetsa shuga wa mu tiyi, anasiya thobwa, nayamba kumwa mapiritsi pa nthawi yake. Palinso ichi: mankhwala owawa amachotsa chilakolako cha chakudya, ena amatsegula m'mimba. Munthu wosadya shuga wake amatsika, koma sitinganene kuti wachira.

Choopsa chapafupi chili pa mapiritsi amene mayi akumwa. Ngati ndi glibenclamide, ndipo makungwawo akutsitsadi shuga, ziwirizi zikaphatikizana shuga akhoza kugwa mpaka pansi pa 3.9. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, kulankhula zosokonekera ngati munthu woledzera. Zikatero asungunulireni masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo mupite nawo kuchipatala ngakhale aoneke kuti atsitsimuka, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amagwanso pakapita maola. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa. Langizo langa ndi lakuti ayambe aimitsa madzi a makungwawo, akafotokoze ku kiliniki ya shuga atanyamula botolo lake.

Tsopano ndondomeko yoyezera. Choyamba ndi kudziwa mtengo weniweni, ndipo apa funso lanu lili kale ndi msampha. Nimu weniweni, Azadirachta indica, amakonda malo otentha monga chigwa cha Bwanje, Golomoti ndi Salima. Kumtunda kozizira ngati kwanuko, mtengo umene anthu ambiri amautcha nimu umakhala indya, Melia azedarach, umene zipatso zake zili ndi poizoni. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Tsamba la nimu lili ndi msana umodzi, timasamba tili uku ndi uku, maluwa ake ndi oyera. Tsamba la indya limagawikanso kachiwiri ngati kanthambi, maluwa ake ndi apepo, ndipo zipatso zake zozungulira zachikasu zimatsalira mumtengo masamba atayoyoka. Muwawani ndi Cassia abbreviata, wa nyemba zazitali zolendewera zija, koma dzina limodzi limatha kugwira mitengo iwiri mukangowoloka mtsinje. N'chifukwa chake wofufuza aliyense amathyola kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, n'kukapanikiza pakati pa nyuzipepala, pamwamba n'kuikapo thabwa ndi njerwa. Nyuzipepalazo amazisintha tsiku lililonse mpaka kanthambiko kauma, amalemba tsiku, malo ndi dzina la m'deralo, n'kukatumiza ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti akatsimikize dzina ndi kukasunga. Popanda kanthambi kameneka, zotsatira zonse za mtsogolo palibe amene angazibwereze.

Chachiwiri ndi mlingo. "Makungwa odzaza dzanja" si mlingo, chifukwa dzanja la amalume si dzanja lanu, ndipo khungwa la dzinja silifanana ndi la chilimwe. Gulani sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, mukhale pambali pamene amalume akuphika, mulembe zonse: magalamu a makungwa, magalamu a masamba, ngati ndi aawisi kapena ouma, malita a madzi, mphindi zimene mphika wawira, madzi amene atsala pophula, kukula kwa kapu, ndi kangati patsiku. Chitani zimenezi maulendo atatu kapena anayi, muona nokha mmene mphika wa lero umasiyanirana ndi wa sabata yatha.

Zotumiza ku labotale zimayanikidwa pamthunzi podutsa mphepo, kutentha kusapitirire madigiri 40, chifukwa dzuwa lachindunji limawononga zina mwa zinthu zimene tikufuna kuyeza. Vuto la Lizulu ndi Dedza ndi nkhungu ya Juni ndi Julayi. Makungwa amachedwa kuuma n'kuchita chuku, ndipo chuku china chimapanga poizoni wowononga chiwindi, wofanana ndi uja wa mu mtedza wowola. Makungwa achuku ndi otaya, osati kupukuta. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono, yalani motalikirana pa thandala, ndipo muziyeza kulemera kwake: kukakhala chimodzimodzi masiku awiri otsatizana, auma. Posenda, tengani mbali imodzi ya thunthu, kuzunguliza ndi kupha mtengo. Makungwa ndi masamba musawasakanize. Pafunika zoyezedwa zitatu, muwawani pawokha, nimu payekha, ndi zosakaniza monga amachitira amalume, apo ayi simudzadziwa kuti wagwira ntchito ndani, kapena wavulaza ndani.

Ku labotale amasinja n'kusefa, kenaka amatenga mwachitsanzo magalamu 100 a ufa n'kuviika mu lita imodzi ya madzi kapena ya ethanol (mowa woyengedwa) wa 70 peresenti kwa maola 48 mpaka 72, akugwedeza. Amasefa pa pepala losefera, n'kuumitsa madziwo pa makina otchedwa rotary evaporator pa madigiri 40, mpaka patatsala phala lolimba kapena ufa wakuda. Akapeza magalamu 10 kuchokera pa 100 aja, amati zokolola ndi 10 peresenti, ndipo nambala imeneyi muisunge, tiifunanso. Cholakwika chofala apa n'chakuti wofufuza amaviika mu methanol, mtundu wina wa mowa wa ku labotale, chifukwa amakoka zinthu zambiri, n'kulengeza kuti "mankhwala a asing'anga agwira ntchito", chonsecho asing'angawo amaphika m'madzi. Zimene methanol amakoka si zimene madzi owira amakoka. Choyenera kuyezedwa choyamba ndi chimene anthu akumwadi. Pa siteji yomweyi amaonanso ngati mulibe majeremusi, zitsulo zapoizoni monga mtovu, kapena mapiritsi osinja. Sindikunena amalume anu, koma m'mayiko angapo mankhwala a m'mabotolo olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha anapezeka ndi glibenclamide, ndipo wofufuza wosamala amayamba watsimikiza zimenezi.

Kuyeza koyamba sikufuna nyama. M'malovu ndi m'matumbo muli ma enzyme awiri amene amaphwanya sitachi wa mu nsima kukhala shuga: alpha-amylase ndi alpha-glucosidase. Mankhwala akawachedwetsa, shuga sakwera msanga munthu akadya. Amathira enzyme, sitachi ndi mankhwala a milingo yosiyanasiyana m'timachubu, n'kuwerenga kusintha kwa mtundu pa makina. Pambali amaika acarbose, mankhwala odziwika ogwira ntchito mwa njira yomweyi, kuti akhale choyerekezera. Zotsatira amazilemba ngati IC50, mlingo umene wadula ntchito ya enzyme ndi theka. Nambala ikachepa ndiye kuti mankhwala ndi amphamvu.

Apa ndi pamene makungwa amanyengera anthu ambiri. Makungwa a mitengo yambiri ali ndi tannin, chinthu chija chimamata m'kamwa mukaluma nthochi yaiwisi. Tannin amakakamira puloteni iliyonse imene wakumana nayo, ndipo enzyme ndi puloteni. Choncho mu kachubu pafupifupi khungwa lililonse limaoneka ngati mankhwala a shuga, ngakhale la mtengo umene palibe anauganizirapo. M'mimba mwa munthu tannin yemweyo amakakamira nyemba ndi nsomba zimene wadya, ndipo wambiri safika pa enzyme. Njira yake ndi kuchotsa tannin ndi ufa wotchedwa PVPP n'kuyezanso. Mphamvu ikatheratu, ndiye kuti kunalibe china koma tannin. Madzi a makungwa ndi ofiira, ndipo mtundu umenewu umasokoneza makina ngati sanaike kachubu ka mankhwala okhaokha kochotsera. Komanso alpha-glucosidase wotchipa amene malabotale ambiri amagula ndi wochokera ku yisiti, ndipo acarbose sagwira bwino pa ameneyu, ndiye mankhwala alionse amaoneka ngati "aposa acarbose". Mukamva mawu amenewa, funsani kuti enzyme anachokera kuti.

Zikadutsa pamenepa zimapita kwa makoswe, osati a m'nkhokwe kapena mbewa za m'mbali mwa msewu wa M1, koma makoswe oyera oweteredwa ntchitoyi, a msinkhu ndi kulemera kofanana, cha m'ma magalamu 200. Ndipo funso loyamba si lakuti shuga atsika, koma lakuti mankhwalawo apha pa mlingo wanji. Motsatira malangizo nambala 423 a bungwe la mayiko la OECD, makoswe atatu amamwetsedwa mlingo umodzi, wokwera mpaka 2000 mg pa kilogalamu, n'kuyang'aniridwa mosaphethira maola anayi oyamba, kenaka tsiku ndi tsiku kwa masiku 14. Izi sizikwana, chifukwa wodwala shuga samwa mankhwala kamodzi, amamwa zaka. Pamafunika kumwetsa tsiku lililonse kwa masiku 28 kapena 90, n'kuyeza magazi kuti aone chiwindi ndi impso, ALT ndi creatinine, kenaka kuyang'ana ziwalozo pa maikulosikopu. Matenda a shuga amadya kale impso mwakachetechete, ndiye mankhwala owonjezera katundu pa impso ndi oipa ngakhale atatsitsa shuga.

Chifukwa chimene poizoni amayambira kuyezedwa chikuoneka pa chipatso cha ku Jamaica chotchedwa ackee. Chosapsa chimatsitsa shuga mwamphamvu, kachipangizo kanu kakanaonetsa nambala yosangalatsa, koma chimatero potsekereza chiwindi kupanga shuga, ndipo anthu amasanza, kukomoka, ena kufa. Ku Jamaica komweko anthu ankamwa tiyi wa kaluwa kapinki kamene kamabzalidwa m'makomo ambiri kuno, Catharanthus roseus, ngati mankhwala a shuga. Robert Noble ndi Charles Beer atakayeza ku Canada m'zaka za m'ma 1950, shuga sanatsike, koma makoswe obayidwa ankafa chifukwa maselo oyera a m'magazi anatha. Mmenemo ndi mmene munachokera vinblastine, mankhwala a khansa, mu 1958. Koma mbiri siili mbali imodzi. Metformin, mapiritsi a shuga amene amaperekedwa m'zipatala zathu, anayambira pa chitsamba cha ku Ulaya, Galega officinalis, chimene asing'anga akumeneko ankapatsa anthu okodza pafupipafupi. Chinthu chotsitsa shuga cha m'chitsambacho chinali ndi poizoni wambiri, ndipo panapita zaka zambiri mpaka Jean Sterne anayesa metformin pa odwala ku Paris mu 1957. Asing'anga aja anaona zoona, koma chimene tikumwa lero si madzi a chitsambacho.

Kuti khoswe adwale shuga amamubaya streptozotocin, 50 mpaka 60 mg pa kilogalamu, kapena alloxan, cha m'ma 150 mg pa kilogalamu. Onsewa amapha maselo a kapamba opanga insulin, chinthu chimene chimatsitsa shuga m'magazi. Streptozotocin amasungunulidwa m'madzi apadera ozizira ndipo abayidwe mkati mwa mphindi zochepa, akachedwa amatha mphamvu. Tsiku loyamba makoswe amapatsidwa madzi a shuga, chifukwa maselo akamafa amakhuthula insulin yense nthawi imodzi, ndipo wosadziwa amapeza makoswe atafa m'mawa. Pakatha maola 72 amayeza magazi a kumchira, n'kusankha okhawo amene adutsa 11.1. Amawagawa mwamaere m'magulu a asanu ndi mmodzi: athanzi, odwala omwa madzi okha, odwala omwa mankhwala odziwika monga glibenclamide wa 5 mg pa kilogalamu, ndi magulu atatu a mankhwala oyezedwawo pa 100, 200 ndi 400 mg pa kilogalamu. Amayeza sabata iliyonse kwa milungu inayi, nthawi yofanana, makoswe atasala maola ofanana.

Zolakwika apa n'zambiri. Makoswe ena a alloxan amachira okha pakapita milungu, ndipo popanda gulu lomwa madzi okha, ulemu umapita kwa makungwa. Mankhwala akaperekedwa tsiku lomwelo la jakisoni, amatha kungoteteza kapamba ku alloxan, zimene sizikuthandiza munthu wodwala kale. Chakudya chimene khoswe aliyense wadya chiziyezedwa, apo ayi khoswe wokana kudya chifukwa cha kuwawa amalembedwa kuti wachira. Mlingo ukakwera, mphamvu nayo ikwere. Ngati 100 watsitsa, 200 sanatsitse, 400 watsitsa pang'ono, zimenezo n'zamwayi chabe. Ndipo khoswe wophedwa kapamba amafanana ndi shuga wa mtundu woyamba, wofuna insulin, pamene akuluakulu ambiri omwa mapiritsi ali ndi wa mtundu wachiwiri. Ofufuza osamala amayamba anenepetsa makoswe ndi chakudya chamafuta kwa milungu ingapo, kenaka n'kubaya mlingo wochepa, cha m'ma 35 mg pa kilogalamu.

Pali masamu amodzi amene mungachite nokha mukamva kuti chitsamba china "chatsimikizidwa". Mlingo wa khoswe umagawidwa ndi 6.2 kuti mupeze wofanana nawo kwa munthu. 400 mg pa kilogalamu ikhala pafupifupi 65, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi magalamu 4 a phala louma lija. Ndi zokolola za 10 peresenti, amenewo ndi magalamu 40 a ufa wa makungwa tsiku lililonse. Tiyerekeze kuti amalume amaphika magalamu 20, n'kuphula malita awiri, ndipo mayi amamwa makapu awiri a 250 ml. Ndiye kuti akumwa mphamvu ya magalamu 5 okha, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a zimene khoswe anamwa. Kukweza mlingo kuti ufike pa 40 popanda zotsatira za chiwindi ndi impso n'kumene kumagonetsa anthu m'chipatala.

Anthu amabwera zonsezi zitadutsa, ndipo pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, komanso cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loyang'anira mankhwala limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Kuyeza anthu popanda zimenezi n'kuphwanya malamulo a kafukufuku ngakhale atavomera ndi mtima wonse, ndipo wina akadwalika, mlandu ndi wanu ndi amalume. Kafukufuku woyenera amagawa odwala mwamaere m'magulu awiri, onse akupitiriza mapiritsi awo, gulu lina likumwa mankhwalawo, lina likumwa chofanana nawo maonekedwe ndi kakomedwe koma chopanda kanthu. Woyeza ndi woyezedwa asadziwe kuti ali gulu liti. Ndi madzi owawa ngati a muwawani izi n'zovuta, n'chifukwa chake nthawi zambiri amaika phala louma lija m'makapisozi. Chimene amayang'ana si nambala ya tsiku limodzi koma HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, choncho kafukufuku satha pasanakwane milungu 12. Nayonso HbA1c imanama mwa munthu wochepa magazi kapena amene wangodwala malungo, zimene kuno sizachilendo. Amayang'ananso mmene mankhwalawo akukhalirana ndi ena. Odwala shuga ambiri amamwanso a BP kapena ma ARV, ndipo dolutegravir, mmodzi wa ma ARV, yekha amakweza kale metformin m'magazi. Anthu khumi opanda gulu loyerekezera sangayankhe funso lililonse mwa awa. Amene apeze bwino muwawerenga, amene mankhwala awapweteka angosiya kubwera, inu osadziwa.

Kachipangizo kanuko kagwiritseni ntchito pa mayi, kuti kawathandize pa chithandizo chawo. Yezani m'mawa asanadye ndi maola awiri atadya, atasamba m'manja ndi kuumitsa, timapepala take tikhale totseka bwino komanso tosapitirira tsiku lake. Lembani m'kope tsiku, nthawi, zimene adya ndi mapiritsi amene amwa, muzipita nalo ku kiliniki, ndipo mukapemphe kuti awayeze impso. Amalume muwapemphe kuti amayi oyembekezera, ana, ndi aliyense wobaya insulin asamawapatse mankhwalawa, komanso kuti asamauze munthu kuti asiye mapiritsi.

Mukakhala ndi kope la kaphikidwe koyezedwa m'magalamu, tinthambi totsimikizidwa ku Zomba, ndi makungwa ouma bwino okwana theka la kilogalamu, mungalembere dipatimenti ya zamankhwala kapena ya kemisitiri pa imodzi mwa mayunivesite athu. Ophunzira a madigiri apamwamba amafunafuna ntchito yokonzeka chonchi. Musanapereke kalikonse, pakhale pangano lolembedwa lonena kuti nzeruyo ndi ya amalume, kuti zotsatira adzauzidwa kaya n'zabwino kaya n'zoipa, ndi mmene phindu lidzagawidwire likadzapezeka. Malawi analowa m'pangano la mayiko la Nagoya limene limateteza eni nzeru zotere. Za kanthambi ka muwawani, dikirani kumapeto kwa chilimwe, cha mu Seputembala ndi Okutobala, pamene umachita maluwa achikasu. Muthyole ku mtengo womwewo umene amalume amasendako, ndipo mutenge tinthambi tiwiri, kena ka ku Zomba, kena kanu.